Banga la pa siling'i musalipake penti kaye

Achimwene, banga lomwe likukula pa siling'i yanulo musalipake penti kaye, pezani polowera madzi. Ndipo musaganize kuti bowo lili pamwamba penipeni pa bangalo, madzi amatsata thabwa n'kukadonthera kutali ndi pomwe alowera.

Choyamba dziwani ngati ndi mvula kapena paipi. Usiku tsekani mipope yonse, lembani manambala a pa mita ya madzi, m'mawa muwerengenso munthu asanatunge madzi. Akasuntha, pali paipi kapena thanki ya chimbudzi yomwe ikudontha. Akapanda kusuntha, koma banga n'kumakula mvula ikagwa, vuto ndi denga.

Ine kwanga ndinavutika dzinja kawiri konse, kumangomata phula pa malata osalakwa. Tsiku lina masana ndinakwera m'siling'i n'kuzimitsa tochi. Kadzuwa kankalowa ngati kasingano pa msomali umodzi wokha, mphira wake unali utauma n'kung'ambika. Ndinauzula, kukhomapo wina wa mphira watsopano, nkhani inathera pomwepo. Phula lonse lija ndinangotaya ndalama.

Musaiwalenso kuchotsa masamba m'ngalande za m'mphepete mwa denga mvula isanayambe. Zikadzaza, madzi amasefukira pakhoma.

Koma mukaona siling'i yafufuma, kapena chinyontho chafika pa mawaya ndi masoketi, zimitsani magetsi a nyumba yonse muitane wodziwa zamagetsi. Ngati mita yasuntha koma podontha sipakuoneka, itanani pulambala, musagumule khoma mongoganizira.