Kodi zoimbira zamphamvu zimapha waranti ya galimoto yatsopano?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mabvuku. Analemba kuti: "Ndagula double cab yanyuwani kwa ogulitsa ovomerezeka konkuno ku Harare. Wailesi yake ikulira mozizira, ndiye ndikufuna kuikamo ampulifaya (chipangizo chokweza mphamvu ya mawu), subwoofer (sipika yaikulu ya mabesi) ndi masipika ena m'zitseko. Mnyamata wina woika zoimbira mu Kaguvi Street akuti palibe vuto, koma alamu anga akuti ndikangokhudza waya mmodzi waranti yonse yatha. Ndimvere ndani?"

Achimwene, zikomo kuti mwafunsa waya usanadulidwe, chifukwa ambiri amandilembera zinthu zitavuta kale. Onse awiriwo akunena zoona pang'ono, koma alamu anu ndi amene ayandikira zimene zingakuchitikireni.

Waranti ndi lonjezo la opanga galimoto lakuti adzakonza ulere chimene chawonongeka chifukwa cha vuto lochokera ku fakitale. Ambiri amapereka zaka 3 kapena makilomita 100,000, potengera chimene chayamba kukwana, ndipo ena amafika zaka 5. Tsegulani kabuku kamene anakupatsani pamodzi ndi makiyi, mupezamo ndime yonena kuti iwo sadzalipira chowonongeka chifukwa cha zinthu zoikidwa popanda chilolezo chawo. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti "chifukwa cha". Giyabokosi ikafa, subwoofer ilibe mlandu, ndipo kukukanizani pa chifukwa chimenecho n'kukuponderezani. Choncho kawirikawiri waranti sifa yonse. Imene imafa ndi mbali yokhayo imene zoimbira zanu zaikhudza.

Vuto n'lakuti m'galimoto za masiku ano mbali imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira. Ambirife tinazolowera ma Honda Fit ndi ma Toyota Wish ochokera ku Japan, amene amabwera opanda waranti, ndipo woika zoimbira amangozula wailesi n'kulumikiza ina mawaya angapo, basi. Galimoto yanyuwani ndi nyama ina. Muli timakompyuta tambirimbiri timene timalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN bus. Wailesi ija nayo ili m'gulu lomweli: imaonetsa kamera yakumbuyo, imamvera mabatani a pachiwongolero, m'galimoto zina ndi imenenso imaliza kabelu kochenjeza. Munthu akabaya waya wolakwika pofufuza magetsi, chimene chimapsa si wailesi yokha ayi. Ikhoza kupita kompyuta yoyang'anira zitseko, mawindo ndi nyali, ndipo imeneyi ndi ya madola mazanamazana.

Ndinaziona ndekha kwa msuweni wanga. Anaika ampulifaya galimoto yake isanathe miyezi 6, ndipo amene anamuikira anasenda waya wa kuseri kwa dashibodi n'kukulunga ndi tepi yakuda. Patapita masabata angapo batire inayamba kutha usiku uliwonse, kenako nyali zochenjeza zinayamba kuyaka zokha. Atapita ku galaja ya ogulitsa, makaniko anangochotsa pulasitiki, n'kuona tepi ija, n'kujambula chithunzi. Nkhani inathera pomwepo, ndipo analipira zonse za m'thumba mwake. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndalama imene anapulumutsa posankha wotchipa sinafike n'komwe pa theka la imene anataya.

Pa intaneti mupeza anthu akukulimbitsani mtima kuti ogulitsa sangakukanizeni pokhapokha atapereka umboni. Ambiri mwa iwo akunena za lamulo la ku America lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act la 1975, limene siligwira ntchito kuno. Ku South Africa nako, kuyambira pa 1 July 2021, kuli malangizo a Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, olola mwini galimoto kukonzetsa kwa amakaniko oima paokha komanso kuika zipangizo zosachokera kwa opanga popanda kutaya waranti yonse, ngakhale kuti chowonongeka chifukwa cha ntchitoyo opanga sachilipira. Malangizo amenewa amathera pa Beitbridge, pa malire a South Africa ndi Zimbabwe. Ife kuno ku Zimbabwe tili ndi Consumer Protection Act ya 2019 komanso Consumer Protection Commission kumene mungakadandaule ngati akukanizani popanda chifukwa chomveka. Komabe mudziwe kuti madandaulo amatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo galimoto ili gone m'galaja inu mukukwera kombi.

Tsono tione zimene mukufuna kuikazo, chifukwa kuopsa kwake n'kosiyana.

Masipika a m'zitseko ndiwo osavuta. Onetsetsani kuti ma ohm ake (muyezo wa mmene sipika imachepetsera kuyenda kwa magetsi) akufanana ndi amene mwachotsawo, nthawi zambiri amakhala 4. Mukaika a 2 pa wailesi yopangidwira 4, ikhoza kutentha mpaka kufa, ndipo imeneyo sakusinthirani. Woika zoimbirayo asaboole chitseko, chifukwa bowo lililonse pa chitsulo limachotsa waranti ya dzimbiri pamalo amenewo. Pepala la pulasitiki la m'kati mwa chitseko alibwezeretse bwino, si chokongoletsa. Limatchinga madzi a mvula, ndipo galimoto zina zili ndi kachipangizo m'chitsekomo koyeza mpweya kuti airbag ya m'mbali iphulike pa ngozi.

Ampulifaya ndi subwoofer ndiye pagona nkhani. Ampulifaya ya mawati 1,000 enieni, osati olembedwa pa katoni, ikamalira mwamphamvu imatha kukoka ma amp pafupifupi 90. Alternator, chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira, m'galimoto zambiri imatulutsa ma amp pakati pa 100 ndi 150, ndipo gawo lalikulu limapita kale ku nyali, mafani ndi makompyuta. Alternator kapena batire ikafa msanga, ogulitsa adzaloza ampulifaya, ndipo kunena zoona adzakhala ndi mfundo. Maganizo anga ndi akuti pa nthawi ya waranti muike yaing'ono, ya mawati 300 kapena 400. Mu double cab malo ndi ochepa, mabesi ake amakwana ndithu. Waya wa magetsi uchokere pa batire penipeni, ukhale ndi fyuzi yakeyake pasanathe masentimita 45 kuchokera pa batirepo, ndipo polowa m'kati udutse pa labala limene lilipo kale, osati pa chitsulo chopanda labala. Waya wopanda fyuzi ukakhuzika pa chitsulo, chotsatira ndi moto. Gulani wa kopa weniweni. Wotchipa uja ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, ndipo umatentha msanga. Pa mawaya achikasu a airbag asayandikirepo, ndipo kwa ena amene mukuwerenga muli ndi hybrid (galimoto yoyendera mafuta ndi magetsi), mawaya a olenji muli magetsi oti angaphe munthu.

Wailesi ya ku fakitale isiyeni momwemo. Pali mawaya olumikizira otchedwa T-harness amene amangolowetsedwa pakati pa wailesi ndi pulagi yake, osadula kanthu, ndipo mawu amatengedwa pamenepo kupita ku ampulifaya. Tsiku limene mwafuna, mumangozula, galimoto n'kubwerera mwakale. Sindikunyoza anyamata a mu Kaguvi Street, ku Gazaland kapena ku Magaba, alipo aluso kwambiri amene akhala akugwira ntchitoyi zaka zambiri. Koma mufunseni wanuyo funso limodzi: "Udula waya wa ku fakitale?" Akayankha kuti angosenda pang'ono, tengani makiyi muzipita.

Musanagule chilichonse, achimwene, lemberani imelo mkulu woyang'anira galaja kumene munagula galimoto. Tchulani dzina ndi mphamvu ya chipangizo chilichonse, ndipo mufunse ngati ali ndi woika zoimbira amene iwo amamuvomereza. Yankho la pakamwa la wogulitsa lisakukhutiritseni, chifukwa chaka chamawa akhoza kukhala atasiya ntchito. Likhale lolembedwa. Ngati woika wawoyo ndi wodulirapo, pa galimoto yanyuwani ine ndingalipire kusiyanako. Sungani malisiti onse, jambulani zithunzi za mawaya asanatseke dashibodi, ndipo masipika akalewo muwaike m'katoni kunyumba. A inshuwalansi nawonso muwauze zimene mwaonjezera, kuti zikabedwa kapena pakabuka moto asadzakane kulipira ponena kuti sanadziwe.

Akakuyankhani a ku galajako, nditumizireni zimene alembazo tidzazione limodzi musanapereke ndalama kwa aliyense.