Mgodi uli kunja kwa malire, nanga madzi ake akulowera kuti?

Achimwene, mwafunsa ngati mapu osonyeza mitunda ndi zigwa angakuuzeni kuti mgodi wa paphiri uwononga nyama kapena ayi, poti eni ake akuti ali kunja kwa malo otetezedwa. Angakuuzeni zambiri ndithu, bola musayambire pa malirewo. Yambirani pa madzi.

Mizere yofiirira yokhotakhota ija, makontuwa, ili ngati akalozera a m'munda: uliwonse umadutsa malo okwera mofanana. Ikathinana, ndiye kuti pamenepo mpotsetsereka kwambiri, ikatalikirana, mpathyathyathya. Pamene yapinda ngati V pali khwawa, ndipo nsonga ya V imaloza kumtunda kochokera madzi. Tsono ikani chala pomwe akufuna kukumba, makamaka pomwe azidzaunjika matope otsala, mutsetsereke nacho motsata khwawalo. Chikakathera m'nkhalango yotetezedwa, nkhani ya malire ija yasukuluka. Pa mapu a 1:50,000, masentimita 2 ndi kilomita imodzi, choncho rula wamba akwanira kuyezera. Ndipo musanyoze kutalika kwa mtunda: damu la matope a mgodi litagumuka ku Mariana, ku Brazil, mu 2015, matopewo anatsata mtsinje wa Doce mpaka kunyanja ya Atlantic, makilomita oposa 600.

Kenako onani manambala olembedwa pamizereyo, amene amasonyeza kukwera kwa malowo. Paphiri la Nimba, m'malire a Guinea, Côte d'Ivoire ndi Liberia, pali kachule kodabwitsa kamene sikaikira mazira, kamachita kubereka tiana. Kwawo ndi m'maudzu a pamwamba basi, kuyambira cha pa mamita 1,200 kukafika kunsonga, mamita 1,752. Tsoka lake, miyala ya chitsulo imene makampani amaifuna ili pomwepo. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika mbali ya phirili pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1981, ndipo mu 1992 inalengeza kuti lili pachiopsezo, mwa zina chifukwa cha nkhani ya migodi. Kachule kotere simungakauze kuti kasamukire kumunsi. Mukazunguliza mzere wa 1,200 ndi pensulo, mwazunguliza dziko lake lonse.

Chenjezo limodzi: mapuwa sajambula nyama, komanso amakalamba. Yang'anani m'mphepete mwake chaka chimene zithunzi za pandege zinajambulidwa, chifukwa pamene papakidwa zobiriwira mwina mitengo inatha kalekale. Mufananize ndi zithunzi za setilaiti zatsopano musanakayankhule za mgodiwu pamsonkhano.