Timu ya kumudzi yosalipira osewera

FUNSO: Akonzi, mwana wanga amagwira ntchito ku Kilkenny, ku Ireland. Akuti timu ya kumudzi yotchedwa Ballyhale Shamrocks imagonjetsa matimu a m'tauni, chonsecho osewera salandira malipiro. Kodi akundinamiza? Ndine mayi wodabwa.

YANKHO: Mayi, mwana wanu akunena zoona. Timuyi imasewera hurling, masewera a anthu 15 mbali iliyonse. Aliyense amagwira ndodo yophwatalala kunsonga, yomenyera kampira kolimba kukula ngati chibakera. Kakalowa mu golo ndi mapointi atatu, kakadutsa pamwamba pa mtanda ndi imodzi.

Bungwe loyendetsa masewerawa la GAA, lomwe linakhazikitsidwa m'tauni ya Thurles mu 1884, sililola malipiro, ndipo munthu amasewerera parishi yakwawo. Ballyhale Shamrocks inayamba mu 1972 matimu ang'onoang'ono a m'parishi imodzi ataphatikizana. Mu 1981 inatenga chikho cha makalabu a dziko lonse, ndipo pofika 2023 inali itachitenga kasanu ndi kanayi, kuposa timu ina iliyonse.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha 1981 chija: m'timumo munali ana asanu ndi awiri a mimba imodzi, a banja la Fennelly. Tangoganizani, mayi, ntchito yochapa mayunifolomu inalipo kunyumba kumeneko! Henry Shefflin, katswiri wodziwika dziko lonse, nayenso anakulira pabwalo lomwelo.