Mfuti ku Yellowstone ndi chala cha agogo anga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wakwathu amene akuphunzira kuno ku America. Akuti tchuthi chikubwerachi apita ku Yellowstone, paki yaikulu ya nyama zakutchire, ndi anzake, ndipo mmodzi mwa iwo, mbadwa ya konkuno, akufuna kutenga pisito poopa zimbalangondo. Akufunsa ngati n'zololedwa, komanso ngati iyeyo angainyamuleko mnzakeyo akatopa.

Achimwene, ndikuyankhani, koma funso lanuli landikumbutsa dzanja la agogo anga.

Ine ndinakulira m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu. Agogo aamuna anali ndi gogodela, mfuti ija yothira onga kukamwa n'kutsendera ndi kamtengo, zipolopolo zake tizidutswa ta zitsulo. Inkakhala yosomeka kudenga, ndipo ife ana tinkadziwa kuti kuiloza kokha ndi mlandu. Chimanga chikayamba kukhwima, njovu zinkabwera usiku. Amuna a m'mudzi ankakwera pachulu, kusonkha moto, kumenya zitini ndi kukuwa ali patali. Wotsika pachulupo n'kulowa m'munda anali agogo okha, poti anali ndi mfuti. Usiku wina anachulutsa onga, mpope unaphulika, chala chamkombaphala chinathera pomwepo. Njovu inangogwedeza makutu n'kupitiriza kudya. Ndikuwaonabe agogo aakazi atagwada pafupi ndi koloboyi, akung'amba chitenje ndi mano kuti amange dzanjalo, osalira n'komwe, akungoti: "Anzanu a zitini aja onse zala zawo zilipo."

Nditafika kuno ndinadabwa kumva kuti munthu wamba akhoza kulowa m'paki ya boma mfuti ili m'chiuno, zipolopolo zili momwemo. Kwathu ungayese? A gemu akakupeza m'nkhalango ndi mfuti, nkhani yake imakathera kukhoti, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, milandu ina yokhudza njovu ndi zipembere imafika zaka 30. Kunonso kale sizinali chonchi. Kuyambira 1983, nthawi ya Pulezidenti Ronald Reagan, mfuti yolowa m'paki inkayenera kukhala yochotsa zipolopolo ndi yoikidwa posafikira msanga. Boma la George W. Bush linamasula lamulolo litatsala pang'ono kuchoka, koma woweruza wina ku Washington analiimitsa mu Malichi 2009. Apa m'pamene Senator Tom Coburn wa ku Oklahoma anachita zaukathyali zomwe ndale zakwathu zingasirire: anaimata nkhani ya mfuti pabilu yokhudza makadi a ngongole a kubanki. Barack Obama ankaifuna biluyo, anasaina, ndipo pa 22 Febuluwale 2010 zipata zinatseguka. Tangoganizani, za zimbalangondo kudutsira m'lamulo la chiwongoladzanja!

Sindikunena kuti ofuna mfutiwo alibe mfundo. Mapaki akuno ndi aakulu moopsa, foni sigwira, ndipo mayi amene wagona yekha mutenti akakuwa, mlonda angafike dzuwa litatuluka. Amanenanso kuti chigawenga sichiwerenga chikwangwani chapachipata. N'zoona. Munthu amene anawombera mlonda Margaret Anderson m'paki ya Mount Rainier pa 1 Januwale 2012 sakanabwezedwa ndi lamulo lililonse. Izi ndinkazivomereza, mpaka ndinkati mwina mbali zonse zikunena zoona.

Koma ayi. Polemba pano ndikuona kuti sindili pakati. Zigawenga tiziike pambali, mnzanuyo sakuopa zigawenga, akuopa chimbalangondo. Ndipo pa nyama, mfuti imagwira ntchito pamutu pa mwini wake isanagwire pa nyamayo. Imakutsitsa pachulu. Wopanda kanthu m'manja akaona ndowe zofuka nthunzi panjira amabwerera. Wa pisito amati tiyeni tione kaye kutsogoloku. Patangotha miyezi itatu lamulolo litayamba, mu Meyi 2010, munthu wina woyenda m'paki ya Denali ku Alaska anawombera chimbalangondo ndi pisito, ndipo anachipeza chitafa. Mwina anapulumutsa moyo, sindikutsutsa. Koma uyo anali ndi mwayi. Chinyama chothamanga kuposa munthu aliyense, chikubwera chowerama m'zitsamba, iwe manja akunjenjemera, malo oti ulase ndi ochepa ngati mbale yansima. Ukachivulaza chabe, wachiputa.

Chinanso chimene chimandinyansa pang'ono: alendo ambiri amaopa nyama yolakwika. Ku Yellowstone nyama imene yavulaza anthu ochuluka kuposa ina iliyonse ndi njati zakuno zija, zaubweya ndi linunda. Zimaoneka zofatsa ngati ng'ombe zapangolo, ndiye anthu amaziyandikira ndi foni kuti adzijambule nazo. Mwana wa ku Kasungu kapena ku Nkhotakota sangapange zimenezo. Ife tinaphunzira kuopa nyama tisanaphunzire kuwerenga, ndipo mantha amenewo musawasiye pabwalo la ndege.

Ndiye mutani?

Mnzanuyo akhoza kuinyamula ngati malamulo a chigawo chomwe waimapo akumulola. Yellowstone mbali yaikulu ili ku Wyoming, koma inalowanso ku Montana ndi Idaho, choncho aone onse atatu. Asalowe nayo m'nyumba za boma monga molandirira alendo ndi maofesi a alonda. Pakhomo pamakhala chikwangwani. Kuiomba m'pakimo n'koletsedwa, kusaka nyamanso chimodzimodzi.

Inuyo musaikhudze. Pa viza ya sukulu, lamulo la dziko lonse limakuletsani kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. "Ndimangomugwirira" si yankho lomwe lingateteze maphunziro anu.

Gulani bear spray, mankhwala atsabola opopera aja, aliyense chake chitini, pa lamba osati pansi pa chikwama. M'ndege salola, ndiye mukagule mukafika konko. Zimbalangondo ndi mimbulu muzitalikirane nazo mamita 91, njati mamita 23, ndipo muziyenda atatu kapena kuposa, mukucheza mokweza. Pa zokweza mawuzo, Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa.