Tsamba lanu la Facebook lili ziii? Ndiyambe ndi agogo a ku Chinsapo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa kabungwe kosamalira ana amasiye ku Area 25. Akuti anatsegula tsamba la Facebook, amaikapo zithunzi, koma mamembala ali ziii. Ndiye akufunsa ngati kuli bwino atsegulenso TikTok, kapena alipire kuti tsambalo lizioneka kwa anthu ambiri. Achemwali, imelo yanu ndinaiwerengera m'minibasi ndikupita ku Kanengo, ndipo yanditokosa pachilonda chimene ndakhala ndikuchiphimba.

Kwa zaka zingapo ndakhala mlembi wa bungwe la anthu ochokera dera limodzi ku Ntchisi amene tikukhala muno mu Lilongwe. Ntchito yathu yaikulu ndi maliro. Munthu akatisiya kuno kutauni pamafunika bokosi, galimoto yonyamula thupi, mafuta, ufa ndi ndiwo za pasiwa, ndipo banja limodzi palokha silingathe. Kale tinkakumana Lamlungu loyamba la mwezi, anthu akaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango kwa wapampando wathu ku Kawale. Ine ndinkatsegula buku n'kuyamba kuitana mayina. Dzina likapanda kuyankhidwa, wina ankanena kuti "amenewo mwendo wawavutanso" kapena "apita kukakolola kumudzi". Pofika kumapeto kwa buku tinkakhala titadziwa za aliyense, ngakhale amene sanabwere.

Kenako kunabwera Covid-19. Sukulu zinatsekedwa mu March 2020, odwala oyamba anapezeka kumayambiriro kwa April konkuno ku Lilongwe, ndipo kusonkhana kunayamba kuopsa. Amene anabweretsa ganizo lotsegula gulu la WhatsApp ndine. Linatithandiza, sindikana. Zopereka zinayamba kubwera pa Airtel Money ndi Mpamba, msungichuma analeka kuyenda ndi ndalama m'chikwama. Mliri utachepa sitinabwererenso pansi pa mango paja. Ndipo tinali ndi chifukwa chomveka: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya minibasi n'kumangokwera. Munthu wa ku Lumbadzi kapena ku Likuni ankawononga ndalama zambiri paulendo kuposa zimene wabwera kudzapereka.

Pakati pathu pali agogo ena a ku Chinsapo, mmodzi mwa amene anayambitsa bungweli ine ndisanabwere n'komwe m'tauni. Iwo ali ndi kafoni ka mabatani. Pagulu paja tinaikapo mdzukulu wawo kuti aziwauza zochitika. Mnyamatayo anapita ku Joni kukasaka ganyu, nambala yake n'kutsala pagulu ngati kuti munthu alipo. Palibe anazindikira, ngakhale ine wosunga buku.

Tsiku lina kunagwa zovuta ku Area 23. Anamwalira mayi amene anakulira limodzi ndi agogowa, anavinidwa tsiku limodzi, anabweranso m'tauni chaka chimodzimodzi. Ndinalemba uthenga pagulu. Mauthenga achipepeso anagwa ngati mvula, msonkhamsonkha unakwana m'masiku awiri, galimoto inanyamuka nthawi yake. Pobwera kumudzi tinkayamikirana kuti gulu lathu likuyenda bwino.

Patatha milungu itatu agogo aja anafika kunyumba kwanga pa kabaza, ndalama yawo ya pamwezi atamanga pansonga ya chitenje. Titapatsana moni, anandifunsa kuti anzawo a ku Area 23 aja akupeza bwanji, popeza anamva kuti sakudzuka bwino. Ndine ndinawauza, pakhonde panga, kuti tinaika kale m'manda. Anakhala chete nthawi yaitali, manja ali pamwendo. Kenako anati, "Mwana wanga, ndiye kuti ine munandifufuta m'buku?"

Sindinawafufute. Dzina lawo linali pa tsamba loyamba. Koma buku lenileni linali litasamukira m'foni mwanga, ndipo m'menemo iwo munalibe.

N'chifukwa chake, achemwali, mukanena kuti mamembala ali ziii, ine funso langa loyamba ndi lakuti: ndi angati mwa iwo amene anaona n'komwe zimene munalemba? Tsamba la Facebook lili ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu. Amachiona ndi odutsa. Facebook ndiyo imasankha zoonetsa munthu akatsegula foni, ndipo zimene tsamba lalemba zimafika kwa ochepa chabe mwa amene amalitsatira. Mukalipira, zidzafika kwa anthu ambiri ndithu, koma ambiri mwa iwo alendo, osati mayi wa ku Nsungwi, ku Area 25 komweko, amene amabwera kudzaphika phala la ana Loweruka. Mayi ameneyo akagula bandulo amagula ya WhatsApp yokha, ya tsiku kapena ya sabata, ndipo zithunzi amazisiya osatsegula kuti isathe msanga. Magetsi akathima tsiku lonse, foni amaisungira moto kuti amve za ana ake. Munthu wotere mukamutumizira vidiyo ya TikTok ndiye kuti mwamupempha agule bandulo ndi ndalama ya tomato. Ine ndikunena mosabisa: kabungwe kakang'ono kamene kakuthamangira TikTok mamembala ake asanawerengedwe kaiwala amene kayenera kuwasangalatsa.

Pali china chimene chimandiwawa, ndipo poti ntchito yanu ndi ya ana, ndichinene. Masamba ambiri a mabungwe adzaza ndi nkhope za ana amasiye atanyamula sopo ndi makope, atauzidwa kuti amwetulire. Mwana ameneyo adzakula, adzakhala ndi foni yake, anzake a kusekondale adzachipeza chithunzicho. Anamufunsa ndani? Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2024, koma ngakhale pakanapanda lamulo, umunthu wokha ukanatiletsa. Jambulani miphika ya phala, manja a amayi akutakasa, mabenchi amene mwakhoma. Wofuna kuthandiza adzamvetsa.

Musaganize kuti WhatsApp ndiye mankhwala a zonse. Gulu lathu linafika poti m'mawa uliwonse munkapezeka maluwa a "mwadzuka bwanji" makumi awiri, mavesi, malonda a kaunjika, ndi mikangano ya ndale imene inadanitsa anthu apachibale. Ena ankangotumiza mphekesera zilizonse zimene alandira, osadziwa kuti lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zolemba za pafoni. Anthu aulemu wawo anazimitsa kulira kwa mauthenga a gululo m'mafoni mwawo, moti uthenga wa msonkhano unkakwiririka pansi pa maluwa. Ndiponso ife alembi tili ndi matenda olemba m'Chingerezi cha muofesi, ngati tikulembera bwana. Membala amene sukulu anailekezera Sitandade 5 sadzakuuzani kuti sanamve. Adzangokhala chete, inu n'kumati alibe chidwi.

Nkhani ya ndalama

Chimene chinadzutsa gulu lathu si chithunzi chokongola ayi. Msungichuma anayamba kujambula tsamba la buku lake kumapeto kwa mwezi: zalowa zakuti, zatuluka zakuti, bokosi tinagula mwakuti, mafuta mwakuti, zatsala zakuti. Tsiku loyamba lomwelo anthu amene anali asanalembepo kanthu chiyambire anayamba kufunsa mafunso. Ndinazindikira kuti chete wina si ulesi, ndi kukayika. Amalawi sitikonda kufunsa mnzathu pagulu kuti ndalama zathu zili kuti, timangobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Aliyense amene anakhalapo mu banki mkhonde imene inatha mosadziwika bwino akudziwa zimene ndikunena. Chimodzi chokha tinakana: kuika pagulu mayina a amene ali ndi ngongole. Munthu ukamuchititsa manyazi pamaso pa anthu a kwawo sabwereranso. Amenewo timawaimbira paokha, ndipo nthawi zambiri timapeza kuti kunyumba kuli matenda kapena ntchito inatha.

Za agogo aja tinakambirana pa msonkhano woyamba umene tinachitanso maso ndi maso. Tinagwirizana kuti aliyense amene alibe foni ya WhatsApp akhale ndi mnzake woyandikana naye, wotchulidwa dzina m'buku, amene udindo wake ndi kumuimbira kapena kupita yekha. Uthenga wa maliro sutengedwa kuti wafika mpaka anthu amenewa atayankha kuti anena. Tinabwereranso pansi pa mango, kamodzi pa miyezi itatu, ndipo mayina ndimaitanabe mmodzimmodzi.

Tsono kuyankha funso lanu. TikTok isiyeni kaye, ndipo musalipire Facebook. Tsambalo lisungeni, muziikapo kanthu kamodzi pa sabata kapena pawiri, kuti ofuna kukuthandizani aziona kuti mulipo. Kwa mamembala tsegulani magulu awiri a WhatsApp: lina loti olemba ndi adimini okha, la zidziwitso basi, lina locheza. Uthenga wofunika muziujambula mawu m'Chichewa, osapitirira mphindi imodzi, n'kulembanso tsiku ndi malo pansi pake. Muzifunsa mafunso oyankhika, monga "Loweruka mubwera kapena ayi?", pogwiritsa ntchito kavoti kamene WhatsApp inaika mu 2022. Mukafuna kutumizira aliyense payekha pa broadcast, kumbukirani kuti amalandira ndi okhawo amene anasunga nambala yanu. Lipoti la ndalama mwezi ndi mwezi. Koma musanachite zonsezi, tengani buku lanu usiku uno, muike chizindikiro pa dzina la aliyense amene simukudziwa ngati ali ndi foni yotsegula WhatsApp, ndipo mudzandilembere kuti mwapeza angati.

Agogo a ku Chinsapo amaperekabe ndalama yawo pamanja, ndipo kukagwa zovuta foni yoyamba imene ndimaimba ndi yawo, ndisanalembe pagulu. Anandipempha kuti mvula ikatha ndidzawaperekeze ku Ntchisi akaone manda a anzawo aja. Tinapangana za mwezi wa May.