Saint-Louis ya ku Senegal: kodi ndi nyumba zakale basi?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti mu Januwale akupita kumsonkhano ku Dakar, ndipo ukatha adzakhala ndi masiku awiri opuma. Anzawo awauza za Saint-Louis, koma iwo akukayika: "Ndiyende mtunda wonsewo kungokaona nyumba za atsamunda?"

Mayi, pitani ndithu. Kuchokera ku Dakar ndi makilomita pafupifupi 260 kulowera kumpoto, maola anayi kapena asanu pa matakisi onyamula anthu asanu ndi awiri omwe kumeneko amati sept-place. Munyamuke m'mamawa.

Tauni yakaleyo ili pachilumba chowonda pakati pa mtsinje wa Senegal, chotalika makilomita awiri okha. Eni ake amaitchula kuti Ndar. Afalansa anaikhazikitsa mu 1659, ndipo inalemera ndi malonda a utomoni wa mitengo, golide ndi akapolo. Inali likulu la maiko onse a Afalansa kumadzulo kwa Africa kuyambira 1895 mpaka 1902, komanso likulu la Senegal mpaka 1957. Polowa mudzawoloka mlatho wachitsulo wa Faidherbe, wa mu 1897, wotalika mamita opitirira 500.

Kwerani ngolo yokokedwa ndi hatchi, muzungulire pang'onopang'ono. Muziyang'ana nyumba za amalonda: pansi zitseko zikuluzikulu za mosungira katundu, pamwamba makonde a matabwa kapena achitsulo, makoma achikasu ndi ofiirira omwe mchere wa m'nyanja wawasupula. Zambiri zinali za ma signare, amayi a komweko amene ankakwatiwa ndi azungu n'kumayendetsa okha malonda, ena mpaka kukhala ndi akapolo awoawo. Wokuyendetsani akamangotama kukongola kwa makondewo, mufunseni za zipinda zapansizo. Bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, UNESCO, linaika chilumbachi pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2000, koma musayembekezere kuti zonse n'zokonzedwa. Nyumba zina zikugwa anthu akuona, ndipo zimandipweteka mtima.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musathere pachilumbapo. Wolokani kamlatho kakumadzulo mufike ku Guet Ndar, mudzi wa asodzi womwe uli pakamtunda kamchenga kotchedwa Langue de Barbarie, mtsinje uku nyanja uku. Madzulo mabwato ataliatali opakidwa utoto wamitundumitundu amafika motsatizana, anyamata akuthamanga ndi mabokosi a nsomba pamutu, madzi akuyenderera m'khosi, amayi akutsutsana mitengo. Anthuwa ali pamavuto. Mu 2003 boma linakumba ngalande ya mamita 4 m'lifupi pamchengapo kuti madzi osefukira a mumtsinje atulukire kunyanja. Nyanja inaikulitsa mpaka makilomita angapo, mudzi wa Doun Baba Dièye unamira, ndipo asodzi ambiri afera pamenepo. Mafunde agwetsanso nyumba za m'mphepete, mabanja n'kusamutsidwira kumtunda. Musanajambule munthu, yambani mwapereka moni ndi kupempha.

Masana idyani thieboudienne, mpunga wofiira wophikira limodzi ndi nsomba, chinangwa, kabichi ndi karoti. Anthu a ku Senegal amati kwawo kwa chakudyachi ndi ku Saint-Louis.

Poti mukupita mu Januwale, mwayi wanu: tsiku lachiwiri mulawire kumalo otetezedwa a mbalame a Djoudj, makilomita 60 kumpoto, kumene mbalame zochokera ku Ulaya zimadzakhala nyengo imeneyo. Mukakwera bwato mudzaona avuwo ambirimbiri ali pazisa. Malo ogona mugwiriretu musananyamuke ku Dakar, chifukwa miyezi imeneyo alendo amachuluka.