Yankho kwa mayi amene mwana wawo samaliza kukopera za pabolodi

Mayi, mwafunsa ngati ndi bwino kusamutsira mwana wanu kusukulu ya pulaiveti, popeza ali mu Sitandade 5, samaliza kukopera zimene aphunzitsi alemba pabolodi, amataya makope kawirikawiri, ndipo ena ayamba kumunena kuti ndi waulesi. Ine ndikuona kuti musafulumire kumusamutsa, chifukwa vuto limene silinadziwike limamulondola mwana kulikonse, ngakhale kumene mukulipira fizi yambiri.

Yambani ndi kuchipatala. Mupite naye ku Zomba Central Hospital akamuyeze maso ndi makutu, ndipo zimene apeze zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Mwana amene anadwalapo khutu lotuluka mafinya, kapena amene saona bwino patali, nthawi zambiri sadandaula, chifukwa amayesa kuti anzake onse amamva ndi kuona chimodzimodzi. Musaiwalenso kuti mu Sitandade 5 ndi mmene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, kotero kuti vuto laling'ono la kuwerenga limene linkabisika m'makalasi a m'munsi limaonekera poyera chaka chimenechi.

Mukachoka kumeneko mukaonane ndi ahedi, ndipo mukapemphe kuti mwanayo aunikidwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera. Aphunzitsi otere, amene ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndi ochepa, ndipo sapezeka pasukulu iliyonse. Koma a PEA, omwe ndi alangizi a sukulu za m'zoni yanu, angakuuzeni kumene ali. Pokambiranapo musangoti "mundithandizireko mwanayu", chifukwa mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi adzavomera mwaulemu, kenako adzaiwala. Tchulani zinthu zenizeni zimene sizifuna ndalama: akhale kutsogolo, kutali ndi khomo ndi zenera, aloledwe kumalizitsa notsi pokopera kwa mnzake wolemba zooneka bwino, pamene anzake apatsidwa masamu khumi, iye apatsidwe asanu, bola awamalize, ndiponso aphunzitsi azimuuza chochita chimodzi, achimalize, asanamuuze china. Kukwapula ndi kumusekesa pamaso pa anzake kuleke, pakuti mwana wamantha amaiwala ngakhale zimene amazidziwa.

Chimene ndikuchitsindika kwambiri n'chakuti zonsezi zilembedwe, ahedi asainire, inu mutenge pepala lanu. Aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo chaka chamawa mwanayo adzakhala m'manja mwa ena amene sakudziwa kanthu. Pepalalo lidzakuthandizaninso pa mayeso a Sitandade 8. Bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, limene likulu lake lili konkuno ku Zomba, limakonza mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi a Braille (zilembo zimene osaona amawerenga pokhudza ndi zala), komanso limapereka nthawi yowonjezera kwa ana ofunika chithandizo chapadera, koma limachita zimenezi pokhapokha sukulu itanena za mwanayo pa nthawi yolembetsa mayeso. Makolo ambiri amazimva zimenezi mayeso atayandikira, mpata utatha kale.

Za kutaya makope, mankhwala ake ali kunyumba kwanu. Mukutire kope la phunziro lililonse ndi pepala la mtundu wakewake, mulembe dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mumate ndandanda wa maphunziro pakhoma pamene amapachika chikwama. Azilongedza yekha madzulo kusanade, inu mukungoyang'ana, osati m'mawa pamene aliyense akuthamangira madzi osamba ndi phala. Homuweki azilemba kwa mphindi 15, apume pang'ono, kenako apitirize. Ngati mutachita zimenezi kwa temu yathunthu osaona kusintha, pamenepo ndiye mungaganize zomusamutsa, koma musanalipire mukafunse kaye ngati sukulu yatsopanoyo ili ndi mphunzitsi amene anaphunzira ntchito imeneyi.